Kodi Spice wawononga bwanji impso za mwana wanga?

Funso: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 21 ali m'chipatala. Anasuta zimene anzake amati Spice, akuti ndi chamba chopanga. Anayamba kulusa ngati wapenga, anzakewo anamupanikizira pansi, kenako anaphupha n'kugona pomwepo usiku wonse. Atadzuka ankasanza, miyendo ikumuwawa, mkodzo uli wabulauni. Patatha masiku awiri anasiyiratu kukodza. Madokotala akuti minofu yake yawonongeka ndipo impso zaima, moti amuika pa makina osefa magazi. Utsi umapita m'mapapo, nanga minofu ndi impso zikubweramo bwanji? Anzake amene anasuta naye ali bwinobwino. Kodi adzakhala pa makinawa moyo wake wonse? Ndine mayi wosowa mtendere.

Yankho: Mayi, pepani ndi zimene zakugweranizi. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo. Impso zikaima mwadzidzidzi chifukwa cha kuwonongeka kwa minofu, mwa wachinyamata amene analibe matenda a impso, nthawi zambiri zimadzukanso. Makinawo amagwira ntchito ya impso pamene izo zikupola, ndipo kwa ambiri zimenezi zimatenga masiku angapo kapena milungu yochepa. Alipo ena amene impso zawo sizibwerera mwakale ndithu, ndipo ochepa amapitiriza kudalira makina, koma matenda a mwana wanu ndi osiyana ndi a munthu amene impso zake zakhala zikufa pang'onopang'ono kwa zaka chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Chiyembekezo chilipo, ndipo sindikunena pongofuna kukutonthozani.

Tsopano zimene anasutazo. M'paketi ya Spice, kapena K2 monga ena amaitchulira, simukhala chamba. Mumakhala masamba ouma a zomera wamba amene awapopera mankhwala opangidwa m'labotale. Ena mwa mankhwala oyambirira a mtundu umenewu anapangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi gulu la wasayansi John W. Huffman pa yunivesite ya Clemson ku America, ndipo cholinga chinali kufufuza mmene thupi limalandirira mphamvu ya chamba. Sanapangidwe kuti munthu azisuta. Mu 2008 akatswiri a ku Germany anapeza amodzi mwa mankhwalawa, otchedwa JWH-018, m'mapaketi a Spice amene ankagulitsidwa ngati zofukiza. Kuyambira pamenepo, boma likaletsa mtundu umodzi, opanga amasintha pang'ono kapangidwe kake n'kutulutsa wina. Ku Ulaya kokha apezako mitundu yoposa 200. Vutoli lafika kutali: ku Sierra Leone, komwe Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza mu April 2024 kuti mankhwala otchedwa kush ndi ngozi yogwera dziko lonse, kuyeza kunasonyeza kuti kush wina amakhala ndi mankhwala a gulu lomweli.

M'bongo muli malo olandirira uthenga otchedwa CB1. THC, amene ndi mphamvu ya m'chamba, akafika pamalowa amakhala ngati watsegula chitseko theka lokha, ndipo ngakhale achuluke bwanji sachitsegula chonse. Mankhwala a mu Spice amachikankha mpaka kukhoma. Mu July 2016, anthu 33 anapezeka ali dzandidzandi ndipo ena atagwa m'misewu ya dera limodzi la Brooklyn ku New York, ndipo mankhwala amene anawapweteka, AMB-FUBINACA, atayesedwa m'labotale anapezeka kuti ndi amphamvu maulendo 85 kuposa THC. N'chifukwa chake Spice amachititsa zinthu zimene chamba sichichititsa kawirikawiri: kuphupha ngati wakhunyu, kulusa kosalamulirika, kutentha thupi koopsa, mtima kugunda mosokonekera, ndi kukomoka kwa maola ambiri.

Mwafunsa chifukwa chake anzake ali bwino. Mankhwalawa amawasungunula m'madzi ena ouma msanga n'kupopera pamasamba popanda muyezo weniweni. Mbali ina ya paketi imalandira ochepa, mbali ina imanyowa nawo. Anthu awiri akhoza kutapa m'paketi imodzi, wina n'kungoledzera, wina n'kugwa. Koma chifukwa chachikulu chili m'nkhani imene mwafotokozayo. Chimene chinasiyanitsa mwana wanu ndi anzake ndi zimene thupi lake linakumana nazo m'maola otsatira kusutako.

Mwatchula zinthu zitatu, ndipo chilichonse pachokha chimatha kuphwanya minofu. Choyamba, analusa ndipo anamupanikiza. Munthu amene mankhwala amusokoneza samva kutopa kapena kupweteka kumene kumatiuza ife kuti tileke, choncho amalimbana ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yaitali, minofu itakungika polimbana ndi manja a anthu angapo. Chachiwiri, anaphupha, ndipo pophupha minofu yonse ya thupi imakokana nthawi imodzi mopanda kupuma. Pa zonsezi thupi limatentha, ndipo kutenthako kumawonjezera kuwononga. Maselo a minofu amafunika mphamvu kuti atseke kashiamu, mchere umene umachititsa mnofu kukungika, kunja kwa malo ake ogwirira ntchito. Mphamvuyo ikatha, kashiamu amasefukira mkati, selo limakungika osamasukanso, kenako limaphulika.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri sachiganizira n'komwe, ndipo ndi chimene ine ndimachiopa kwambiri: anagona pansi usiku wonse. Munthu amene ali m'tulo tabwinobwino amatembenuka kambirimbiri osadziwa, chifukwa mbali imene wagonera ikayamba kusowa magazi thupi limamudzutsa pang'ono. Wokomoka ndi mankhwala satembenuka. Kulemera kwa thupi lake kumapsinja ntchafu, matako kapena phewa limodzi pamalo olimba kwa maola, magazi osafikako. Kugwirizana kwa kupsinjika kwa minofu ndi kuima kwa impso kunafotokozedwa bwino mu 1941 ndi dokotala Eric Bywaters pamodzi ndi wasayansi Desmond Beall, amene anafufuza za anthu ofukulidwa m'nyumba zogumulidwa ndi mabomba ku London. Anthuwo ankatulutsidwa akuoneka kuti apulumuka, miyendo yokha itapsinjidwa, koma patapita masiku ochepa mkodzo unkachepa ndipo ankamwalira impso zitaima. Mwana wanu sanagweredwe ndi khoma, koma minofu yake inapsinjika m'njira yomweyo. Pa fayilo yake mwina mwaona mawu akuti rhabdomyolysis, ndiwo matenda amenewa.

Selo la mnofu likaphulika, zonse za mkati mwake zimakhuthukira m'magazi. Chimodzi mwa izo ndi puloteni yofiira yotchedwa myoglobin, imene ntchito yake ndi kusunga mpweya wa okosijeni m'minofu. Ikakhala m'mnofu ndi yothandiza, koma ikayenda m'magazi yochuluka imakathera ku impso.

Impso iliyonse ili ndi tosefera pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kalikonse kali ndi kachubu kake kakatali, kopyapyala kwambiri. Pa tsiku impso ziwirizi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, ndipo timachubuto timabweza pafupifupi onse m'thupi, n'kusiya lita imodzi kapena awiri kuti akhale mkodzo. Myoglobin ndi yaing'ono moti imadutsa pa tosefera tija n'kulowa m'timachubu. Madzi akamabwezedwa m'thupi, iyo imatsala ikukhathamira, ndipo mkodzo ukakhala ndi asidi wambiri imagwirana ndi puloteni ina ya m'timachubumo n'kupanga zibuma zotseka njira. Ayironi amene ali mu myoglobin amawotchanso maselo oyala mkati mwa timachubuto, pamene mitsempha yobweretsa magazi ku impso ikufinyika. Mtundu wabulauni umene munauona mu mkodzo unali myoglobin imeneyi ikutuluka.

Zonsezi zimakula kwambiri thupi likakhala lopanda madzi, ndipo apa ndi pamene kusanza kuja kunamupwetekera. Iye anataya madzi posanza ndi potuluka thukuta, sanamwe kanthu usiku wonse, komanso minofu yovulala imatupa n'kukoka madzi ambiri, nthawi zina malita angapo, kuwachotsa m'magazi. Impso zinalandira poizoni wochuluka pa nthawi imene zinalibe madzi omutsukira. N'chifukwa chake munthu wotere akafika kuchipatala msanga, chithandizo chachikulu chimakhala madzi a m'diripi, ambiri ndiponso mofulumira, kuti azikodza mamililita 200 mpaka 300 pa ola. Nthawi zambiri madziwo amateteza impso zisanaime.

Mayi, sindikunena izi kuti mudziimbe mlandu. Pafupifupi aliyense akaona munthu woledzera wagona amati musiyeni, zimutha akadzuka. Kuwawa kwa miyendo m'mawa mwake kumaoneka ngati kutopa wamba, ndipo odwala ambiri sakhala ndi zizindikiro zonse zitatu zodziwika, zimene ndi kuwawa kwa minofu, kufooka ndi mkodzo wakuda. Matendawa amabisala ngakhale kwa anthu osamala.

Palinso njira yachiwiri imene mankhwalawa amapwetekera impso, yosadzera m'minofu. Mu March 2012 m'chigawo cha Wyoming ku America, achinyamata angapo anafika m'chipatala ndi nseru, kusanza, ndi kuwawa kwa m'mimba ndi msana atasuta mankhwalawa, ndipo impso zawo zinali zitaima. Bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, litafufuza linapeza odwala 16 m'zigawo 6 za dzikolo, a zaka zapakati pa 15 ndi 33, onse amuna kupatula mmodzi. Mwa iwo, 5 anafunika makina osefa magazi, ndipo palibe amene anamwalira. Kwa amene anawadula kachidutswa ka impso kuti akapime, ambiri anapezeka kuti timachubu tija tavulala. M'zinthu zingapo zimene anasuta munapezeka mankhwala otchedwa XLR-11, amene pa nthawiyo anali atangotuluka kumene. Choncho n'zotheka kuti impso za mwana wanu zinamenyedwa mbali ziwiri, ndi myoglobin komanso ndi mankhwala enieniwo. Chithandizo chake n'chimodzimodzi.

Mwina mukudabwa chifukwa chake madokotala anafulumira kumuika pa makina. Chimene amaopa kwambiri m'masiku oyambirira ndi mchere wina wa m'thupi wotchedwa potaziyamu. Pafupifupi potaziyamu yense wa m'thupi amakhala mkati mwa maselo, makamaka a minofu, ndipo m'magazi mumangofunika wochepa, pakati pa 3.5 ndi 5.0 pa muyezo wa kulabotale. Minofu ikaphwanyika amakhuthukira m'magazi, ndipo impso zimene zikanamutulutsa zaima. Akakwera kwambiri amasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka kuuimitsa, nthawi zina popanda chenjezo lililonse. Makinawo amachotsa potaziyamu ameneyu, asidi, madzi opitirira muyezo amene akanadzaza m'mapapo, ndi zinyalala zina za m'magazi. Iwo sachiza impso. Amasunga munthu wamoyo kuti maselo a m'timachubu, amene amatha kumeranso, apeze nthawi.

Pali zimene inu mungachite panopa, ndipo zina n'zofunika kwambiri kuposa mmene zikuonekera. Uzani madokotala zonse zimene mukudziwa: anasuta chiyani, liti, ngati anamwanso mowa kapena mapiritsi ena, ndipo anagona pansi nthawi yaitali bwanji. Zipangizo zimene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito poyeza mankhwala osokoneza bongo mu mkodzo sizizindikira Spice, choncho zotsatira zikhoza kusonyeza kuti mulibe kanthu pamene munthu wadzaza nawo. Ngati paketi ilipo, iperekeni kwa madokotala. Chifukwa china n'chakuti m'mapaketiwa mumapezekanso zinthu zina. Mu 2018 ku Illinois ndi zigawo zina za America, anthu ambiri anayamba kutuluka magazi m'mphuno, m'kamwa ndi mu mkodzo atasuta mankhwalawa, ena anamwalira, ndipo anapeza kuti munasakanizidwa brodifacoum, mankhwala ophera makoswe. Mkodzo wofiira ukhoza kukhala myoglobin kapena magazi enieni, ndipo kulabotale amasiyanitsa poyang'ana pa maikulosikopu ngati muli maselo ofiira a magazi.

Chachiwiri ndi chovuta kwa kholo lililonse. Ndanena kuti madzi ambiri amateteza impso, koma zimenezo zimagwira ntchito impso zisanaime. Zikaima, madzi alibe potulukira, ndipo owonjezera amakathera m'mapapo. Ngati anamwino amuikira malire a madzi akumwa, musamupatse ena mobisa ngakhale akudandaulireni ludzu. Zipatso ndi majuwisi ambiri zili ndi potaziyamu wochuluka, choncho funsani musanamubweretsere chakudya chilichonse. Musamupatse mankhwala azitsamba amene ena angakuuzeni kuti amatsuka impso. Ndipo pa kuwawa kwa miyendoko asamwe ibuprofen, diclofenac kapena ena a gulu limenelo, chifukwa amachepetsa magazi opita ku impso. Anthu ambiri amene minofu yawo yaphwanyika amamwa mapiritsi amenewa kunyumba asanadziwe chimene chikuchitika, n'kuwonjezera vutolo.

Muziyang'anitsitsanso miyendo yake. Ngati mwendo umodzi watupa n'kulimba gwa, ukuwawa kuposa kale, wachita dzanzi kapena akulephera kugwedeza zala, itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mnofu wotupa ukhoza kudzitsekera wokha magazi mkati mwa chikuta chake, ndipo pamafunika opaleshoni yachangu kuti mwendo upulumuke.

Mukamalankhula ndi adokotala ake, funsani za zinthu zinayi: CK, creatinine, potaziyamu, ndi kuchuluka kwa mkodzo pa tsiku. CK imatuluka m'minofu yovulala ndipo imasonyeza kukula kwa kuwonongekako. Mwa munthu wabwinobwino nthawi zambiri sipitirira 200 kapena 300. Ikadutsa 1,000 timati minofu yaphwanyika, ikadutsa 5,000 timayamba kudera nkhawa impso, ndipo mwa odwala ngati mwana wanu imatha kufika masauzande makumimakumi. Nambala yaikuluyo isakuopseni payokha. Imafika pachimake m'masiku atatu oyambirira, ndipo chofunika n'chakuti izitsika tsiku ndi tsiku, kusonyeza kuti minofu yaleka kuwonongeka. Creatinine imasonyeza mmene impso zikusefera, koma munthu akakhala pa makina imatsika chifukwa cha makinawo, choncho madokotala amayang'ana mmene ikukwerera pakati pa ulendo wina wa pa makinawo ndi wina. Chizindikiro chimene inu mudzachione ndi maso anu ndi mkodzo. Ukayamba kubwerera, nthawi zina umabwera wochuluka modabwitsa, malita angapo pa tsiku, chifukwa timachubu tatsopano timakhala tisanayambe kubweza bwino madzi. Imeneyo ndi nkhani yabwino, koma si nthawi yothamangira kunyumba, chifukwa akhoza kuuma thupi ndi kutaya mchere wofunika.

Ngati mungathe kufikira anzake aja kapena makolo awo, chonde afikireni. Aliyense wa iwo amene akusanza, akumva kuwawa msana kapena minofu, kapena waona kuti mkodzo wachepa kapena wada, akayezetse magazi lero. Impso zimatha kuvulala munthu akuyenda ndi miyendo yake. Auzeninso, mopanda kuwakalipira, zoyenera kuchita zoterezi zikadzachitikira wina. Munthu wolusa asamamukhalire pamsana kapena kumupanikiza chafufumimba, chifukwa kuwonjezera pa kuphwanya minofu, amatha kubanika. Amuchotsere zinthu zimene zingamuvulaze, achepetse phokoso, aitane thandizo. Wophupha asamuike kanthu m'kamwa, ndipo kuphuphako kukatha amugoneke chammbali. Amene waphupha, amene thupi lake latentha kwambiri, kapena amene sakudzuka akamugwedeza, apite naye kuchipatala usiku womwewo. Achinyamata ambiri amazengereza poopa kuti makolo kapena apolisi adziwa, ndipo maola amene amatayika ndi mantha amenewo ndi omwe madzi a m'diripi akanagwira ntchito.

Akadzatuluka m'chipatala, nkhani ya impso idzakhala isanathe. Munthu amene impso zake zinaimapo mwadzidzidzi amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a impso okhalitsa ndi kuthamanga kwa magazi m'tsogolo, ngakhale akumva bwino. Akayezetsenso creatinine, puloteni ya mu mkodzo ndi BP pakatha miyezi itatu, ndipo aziuza dokotala aliyense womulembera mankhwala kuti anadwalapo impso. Masewera olimbitsa thupi ndi ntchito zolemetsa ayambe pang'onopang'ono, adokotala akaona kuti CK yabwerera m'malo, chifukwa minofu imatenga milungu kuti ipezenso mphamvu.

Chinthu chomaliza ndi chimene mabanja ambiri amachipewa. Ngati mwana wanu wakhala akusuta Spice kawirikawiri, thupi lake linazolowera, ndipo kusiya kumabweretsa kusowa tulo, thukuta, kunjenjemera, nseru, kupsa mtima msanga ndi chibaba champhamvu, mwinanso kuphupha. Zimenezi zikhoza kuyamba ali m'chipatala momwemo, choncho madokotala ayenera kudziwa ngati aka kanali koyamba kapena ayi. Mufunseni modekha muli awiri, ndipo yankho lililonse limene angakupatseni mulilandire osamudzudzula, kuti akuuzeni zoona. Pemphani kuti aonane ndi mlangizi kapena dokotala wa matenda a maganizo asanatuluke, chifukwa ena amayamba kusuta pothawa nkhawa kapena kusowa tulo, ndipo zimenezo zili ndi chithandizo chake. Mwina adzakuuzani kuti anangopeza paketi yoipa, kapena kuti ulendo wina adzasuta pang'ono. Muuzeni kuti mapaketi awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi mankhwala osiyana kotheratu, kuti ngakhale wogulitsayo sadziwa zimene zili mkatimo, komanso kuti mankhwala omwewa masiku ano amawaika m'madzi a ndudu zamagetsi ndi kuwanyowetsera pamapepala. Impso zimene zangopola kumene zikavulazidwanso, mwayi woti zibwerere mwakale umachepa.